Kodi thanki imodzi ya mpweya ingadzaze mfuti kangati?

Tiyerekeze kuti bambo wina wagula thanki ya osambira pansi pa madzi, ya malita 12, yodzazidwa mpaka bar 200 (bar ndi muyeso wa presha, kutanthauza mmene mpweya wapanikizidwira). Ndi chithanki cholemera, choti pochikweza m'galimoto munthu amadzuma. Mfuti yake ya mpweya ili ndi kasilinda ka 200 cc (gawo limodzi mwa magawo asanu a lita), ndipo wopanga analembapo kuti kazidzazidwa mpaka bar 200. Masamu ake a m'mutu ndi achidule: kasilindako kamalowa ka 60 m'chithankicho, ndiye kuti adzaza mfuti ka 60, mwinanso kuposa apo. Walumikiza payipi, watsegula valavu, kamuvi ka geji n'kukwera, n'kukaima pa 198. Tsiku lina atawombera mpaka mfuti kutsika kufika pa 100, wadzazanso, kamuvi kaima pa 196. Pofika ulendo wakhumi kakuima cha m'ma 183. Mpaka pano sanadzazepo mfutiyo kufika pa 200 ngakhale kamodzi, chonsecho thanki ikadali yodzaza ndi mpweya wankhaninkhani.

Sanamubere aliyense. Anangowerengera mpweya wonse umene uli m'thanki, pamene wogwira ntchito ndi wapamwamba wokhawo, wa pamwamba pa presha imene mfuti imafuna.

Mfuti zimene tikunenazi ndi zija amazitcha PCP. Zimasiyana ndi mfuti za sipuling'i zothyola pakati, chifukwa izi zili ndi silinda kapena botolo losungiramo mpweya wopanikizidwa kwambiri. Mukakoka chowombera, kavalavu kamatseguka kanthawi kochepetsetsa n'kutulutsa kampweya kokankha kachipolopolo ka mtovu. Nzeruyi ndi yakale: asilikali a ku Austria anayamba kugwiritsa ntchito mfuti ya mpweya ya Girardoni cha m'ma 1780, ndipo kuti chosungira mpweya chake chidzaze pankafunika kupopa pamanja maulendo pafupifupi 1,500, kuti munthu awombere ka 30 kapena chapomwepo. Mapampu apamanja alipobe lero, koma amene anayesapo kupopa mpaka bar 200 dzuwa la Okutobala likuswa mtengo amadziwa chifukwa chake anthu amathamangira kugula thanki.

Mpweya umayenda ngati madzi a m'migolo iwiri

Tengani mgolo waukulu wodzaza madzi ndi kachidebe kakatali koma kowonda, muziike pansi pamodzi, n'kuzilumikiza kunsi ndi payipi. Madzi adzachoka mumgolo kupita m'kachidebe mpaka misinkhu ilingane, kenako adzaima. Mgolo ukhoza kukhala ndi madzi okwanira kudzaza zidebe zana, koma sungakweze madzi m'kachidebeko kupitirira msinkhu umene iwo uli nawo. Mukafuna kuti kachidebe kazidzaza kufika pa mzere wakutiwakuti, madzi okuthandizani ndi okhawo amene mumgolo ali pamwamba pa mzerewo.

Thanki ndi mfuti zili chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa msinkhu tikunena za presha. M'thanki mulibe pampu. Mpweya umangoyenda kuchoka kumene presha ili yambiri kupita kumene ili yochepa, zikalingana basi. Ndiye ngati mfuti yanu imafuna bar 200, mpweya wonse wa m'thanki wa kunsi kwa 200 sungaidzaze mokwanira.

Kuti tiwerenge kuchuluka kwa mpweya timadalira zimene Robert Boyle anafalitsa mu 1662: kutentha kukapanda kusintha, mukapanikiza mpweya m'malo ochepa ndi theka, presha yake imawirikiza kawiri. Bar imodzi ndi pafupifupi presha ya mpweya umene tikupumawu. Choncho mukachulukitsa malita a chotengera ndi bar za pa geji, mumapeza malita amene mpweyawo ungatenge utamasulidwa panja. Thanki ya malita 12 pa bar 300 ili ndi malita 3,600 a mpweya womasuka, mwa masamu ophwekawa.

Tsono pali manambala awiri oti mupeze. Yoyamba ndi mpweya umene thanki ingapereke isanatsike kufika pa presha ya mfuti: malita a thanki kuchulukitsa ndi kusiyana kwa presha ya thanki ndi presha yodzazira mfuti. Yachiwiri ndi mpweya umene mfuti imadya pa kudzaza kumodzi: malita a silinda kuchulukitsa ndi kusiyana kwa presha yodzazira ndi presha imene mumalekera kuwombera. Mugawe yoyamba ndi yachiwiri. Kumbukirani kuti 1,000 cc ndi lita imodzi, ndiye 200 cc ndi 0.2.

Tibwerere kwa bambo uja, koma timupatse thanki ya malita 12 ya bar 300. Mpweya wapamwamba ndi 12 × (300 − 200) = 1,200. Mfuti imadya 0.2 × (200 − 100) = 20. Kugawa 1,200 ndi 20 tikupeza 60. Akanagula thanki ya malita 12 omwewo koma ya bar 232, imene ndi yofala kwambiri pakati pa osambira ku Britain ndi ku South Africa, zikanakhala 12 × 32 = 384, kugawa ndi 20, maulendo 19. Taonani mmene zasiyanirana. Presha ya thanki yakwera ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo atatu, koma maulendo odzaza awirikiza katatu. N'chifukwa chake kathanki ka malita 6.8 ka bar 300, kopepuka konyamula ndi dzanja limodzi, kamaposa chithanki cha malita 12 cha bar 232: kamapereka 680, pamene chachikulucho chimapereka 384. Ineyo munthu akandifunsa kuti agule iti, ndimayamba ndamufunsa presha ya mfuti yake, za malita zimabwera pambuyo.

Koma 60 uja simudzamuona. Pali zinthu zitatu zimene zimamudya.

Kaphokoso ka psii kaja

Kudzaza kumayenda motere. Mwalowetsa kamlomo ka payipi pa mfuti, mwamanga kaskuruwu kotulutsira mpweya, kenako mukutsegula valavu ya thanki pang'onopang'ono. Kamuvi kamathamanga poyamba, chifukwa mpweya ukudzaza payipi yokha. Kakafika pa presha imene yatsala mu mfuti mumamva kuti tiki, valavu ya mfuti yatseguka, ndipo kamuvi kamayamba kukwera mwaulesi. Kakafika pa 200 mumatseka thanki, n'kumasula kaskuruwu kaja mwachangu. Psii! Mpweya umene unali m'payipi wapita, ndipo simungachitire mwina, chifukwa payipi yokhala ndi bar 200 m'kati sitheka kuichotsa bwinobwino, ndipo kuikakamiza n'kuitana ngozi.

Tiyerekeze kuti payipi pamodzi ndi geji ndi zolumikizira zake zili ndi malo okwana 10 cc. Pa bar 200 mwataya 0.01 × 200, malita awiri a mpweya womasuka. Kudzaza kumodzi kwafika pa 22 tsopano, ndipo 60 uja watsika kufika pa 54. Payipi yaitali ya bowo lalikulu imataya zoposa apa, n'chifukwa chake zida zodzazira mfuti zimabwera ndi timapayipi tatifupi ta bowo longa la singano.

Pali khalidwe lina limene limawononga mpweya mosadziwika: kuwonjezera pafupipafupi. Munthu wawombera kangapo, geji yatsika kuchoka pa 200 kufika pa 180, iye n'kuthamangira ku thanki. Mu mfuti mwalowa malita anayi okha, m'payipi mwatayika awiri. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya umene watuluka m'thanki langopita ndi mphepo.

Kutsendera kuli ndi malire

Chinthu chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo ndi chimene ambiri sachidziwa. Lamulo la Boyle limayenda bwino pa presha yochepa, koma mukapitirira bar 200 mpweya umayamba kukana. Amene anatsenderapo thonje m'chiguduli amazidziwa izi: poyamba limalowa mosavuta, koma chakumapeto mumapondaponda ndi mwendo wonse kuti mulowetse kadzanja kamodzi. Tizigawo ta mpweya natonso tili ndi kukula kwake, ndipo tikathithikana kwambiri timayamba kukankhana. Zotsatira zake n'zakuti geji imakwera kwambiri pamene mpweya umene walowa ndi wochepa.

Akatswiri anayeza kukanaku n'kukupatsa nambala imene amailemba ndi chilembo cha Z. Pa kutentha kwa madigiri 27, Z ya mpweya ili pafupifupi 0.99 pa bar 100, 1.03 pa bar 200, 1.07 pa bar 250, ndi 1.11 pa bar 300. Kuti mudziwe mpweya weniweni, mumagawa presha ya pa geji ndi Z. Kuti musavutike, nawa manambala okonzakonza: geji ikaloza 100 muwerenge 101, ikaloza 150 muwerenge 149, pa 200 muwerenge 194, pa 232 muwerenge 220, pa 250 muwerenge 234, pa 300 muwerenge 270, ndipo pa 310 muwerenge 277.

Poyang'ana koyamba zikuoneka ngati zazing'ono, 300 kukhala 270, gawo limodzi mwa khumi basi. Vuto ndi lakuti kuchepaku kwagwera ndendende pa mpweya wapamwamba uja umene timadalira. Tiwerengenso: 12 × (270 − 194) = 912, pamene poyamba tinapeza 1,200. Mfuti nayo imadya mocheperako poyerekeza ndi mmene tinaganizira, 0.2 × (194 − 101) = 18.6, kuphatikiza 1.9 wa m'payipi, 20.5. Kugawa 912 ndi 20.5 kukupereka 44 ndi kanthu. Kuchoka pa 60 kufika pa 44. Thanki ya bar 232 ija ikupereka 12 × 26 = 312, maulendo 15 m'malo mwa 19. Ya bar 300 ikupambanabe kutali, koma ndiyonso imene masamu ophweka amainamizira kwambiri.

Nkhani ya Z imeneyi imaonekera poyera pa malonda a ku America, kumene mathanki amawatchula ndi ma cubic feet a mpweya womasuka, presha n'kuiyeza mu psi. Bar imodzi ndi psi 14.5, choncho psi 3,000 ndi bar 207, psi 4,500 ndi bar 310, ndipo cubic foot imodzi ndi malita 28.3. Thanki ya malita 9 ya psi 4,500, ija ozimitsa moto amabereka kumsana, kwa iwo ndi ya ma cubic feet pafupifupi 88. Thanki ya kukula komweko ikamagulitsidwa kwa eni mfuti za mpweya mudzaiona italembedwa 97, 98 kapena 100. Ya malita 6.8 kwa ozimitsa moto ndi 66, kwa ogulitsa mfuti ndi 74. Yesani nokha: 6.8 × 310 = 2,108, kugawa ndi 28.3 mupeza 74. Tsono 6.8 × 277 = 1,884, kugawa ndi 28.3 mupeza 66 ndi theka. Nambala yaikuluyo ndi ya Boyle wosakonzedwa, yaing'onoyo ndi mpweya umene ulimodi. Wozimitsa moto sangayerekeze kudzinamiza pa mpweya umene akupuma ali m'nyumba yodzaza utsi. Mukamagula, funani nambala ya malita a madzi amene thankiyo ingalowe, imene imalembedwa pa thankipo, muwerengere kuchokera pamenepo.

Thanki yotchuka ya aluminiyamu ya osambira, ija amaitcha 80, ili ndi malita 11.1 ndipo imadzazidwa mpaka psi 3,000. Mfuti ya Benjamin Marauder ili ndi silinda ya 215 cc imene malire ake ndi psi 3,000 yomweyo. Kuphatikiza ziwirizi n'kubwereza nkhani ya bambo wathu uja.

Thanki yofunda ndi thanki yonama

Chachitatu ndi kutentha. Mpweya ukamapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umakweza geji. Mukapita kokadzazitsa, kaya ndi kwa osambira a m'mbali mwa nyanja ngati ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kaya ndi ku shopu ya mfuti ku Johannesburg, gwirani thanki ikangochoka pa kompuresa. Imakhala yofunda ngati mbale ya nsima. Geji ikuti 300, inu mwalipira, mwanyamula. Mawa lake m'mawa geji ikuti 280, n'kumaganiza kuti thanki ikutaya.

Masamu ake ndi awa. Pa madigiri a kutentha muwonjezere 273, kenako muyerekeze. Ngati mpweya unali pa madigiri 40 podzaza, n'kuzizira kufika pa 20, presha imakhala 300 × 293 ÷ 313, pafupifupi 281, ndipo pa presha yaikulu chonchi imatsikanso pang'ono kuposa apa. Kwa wosambira, kutaya bar 20 pa 300 si nkhani yodandaulitsa, chifukwa iye amapuma mpweyawo mpaka kunsi. Kwa mwini mfuti ya bar 200, amene chuma chake chonse chili pakati pa 200 ndi 300, gawo limodzi mwa asanu lapita. Odzaza odziwa ntchito amaisiya thanki izizire kenako n'kuiwonjezera. Ngati mungathe kuisiya kumeneko mpaka madzulo kapena mawa lake, chitani choncho, ndipo pemphani mwaulemu kuti aiwonjezere ikazizira.

Mfuti nayonso imachita zomwezo. Mukatsegula valavu mwaphuma silinda imafunda, geji n'kuloza 200, pakapita mphindi khumi n'kupeza yatsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kudzaza kotenga theka la mphindi kapena mphindi yathunthu kumasiya mpweya wambiri mu mfuti ndipo sikuvutitsa timalabala totsekera. Kutentha kumagwiranso ntchito mbali inayo. Thanki ya bar 300 yosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa, kutentha n'kufika madigiri 50, ikhoza kupitirira bar 330.

Zinthu zitatuzi zikakumana pa mfuti ya presha yaikulu, manambala amachititsa manyazi. Tengani mfuti ya botolo la 580 cc lodzazidwa mpaka bar 250, monga zina za FX Impact, ndipo tiyerekeze kuti mwini wake amawombera mpaka bar 130. Thanki yake ndi ya malita 6.8 pa bar 300. Masamu ophweka: 340 kugawa ndi 69.6, pafupifupi kasanu. Tikakonza ndi Z: 6.8 × (270 − 234) = 245, mfuti ndi payipi zikudya pafupifupi 63, ndiye kukwana kanayi movutikira. Ngati thankiyo inazizira kufika pa 280, imene mpweya wake weniweni ndi 256, tatsala ndi 6.8 × 22 = 150. Kawiri kokha.

Mpweya wa kunsi suli wachabe

Mwini mfuti ya 580 cc uja asataye mtima, chifukwa kuwerenga maulendo odzaza mokwanira kumabisa mbali ina. Thanki ikatsika kunsi kwa presha ya mfuti imadzazabe, kungoti mosafika pamwamba. Mfuti zambiri za masiku ano zili ndi regulator, kachipangizo kamene kamapereka presha yofanana pa kuwombera kulikonse bola m'silinda mukhale mpweya woposa pamene kanakhazikitsidwa. Regulator ikakhala pa bar 100, mfuti yodzazidwa mpaka 160 imawombera ndi mphamvu yofanana ndi yodzazidwa mpaka 200. Chimene chachepa ndi chiwerengero cha zipolopolo musanabwerere ku thanki.

Choncho n'kwanzeru kuwerenganso zipolopolo. Tiyerekeze kuti mfuti ya 200 cc ija imawombera ka 60 pakati pa bar 200 ndi 100. Ndiye kuti lita imodzi ya mpweya womasuka ikukankha zipolopolo zitatu. Thanki ya malita 12 ikamatsika kuchoka pa 200 kufika pa 150 imapereka 12 × (194 − 149) = 540. Tichotsepo gawo limodzi mwa asanu ndi atatu la m'payipi, popeza maulendo afupika ndipo kutaya kwakula, titsala ndi pafupifupi 470. Zimenezo ndi zipolopolo 1,400 kuchokera m'thanki imene masamu oyamba aja anati yatha. Ngakhale bambo wa thanki ya bar 200 uja sanataye ndalama yonse.

Mfuti yopanda regulator ndi nkhani ina pang'ono. Liwiro la chipolopolo limayamba motsika, kukwera, kenako n'kutsikanso pamene presha ikuchepa, ndipo pali chigawo chapakati pamene zipolopolo zimatuluka mofanana. Nthawi zambiri chigawochi chimayambira kunsi kwa malire olembedwa pa silinda. Mwini mfuti akapeza kuti yake imayenda bwino kuyambira pa 180, palibe chifukwa chodzazira mpaka 200, ndipo bar 20 zimenezo zimasintha zambiri. Pa thanki ya bar 232, mpweya wapamwamba umachoka pa 312 kufika cha m'ma 530.

Amene ali ndi mathanki awiri, kapena anzake awiri ogwirizana, amachita mochenjera. Amayamba kudzaza ndi thanki imene yatsika, mwachitsanzo ya pa 180, kenako n'kumalizitsa ndi yodzaza. Thanki yotsikayo yasenza bar 80 pa 100 zofunika, yodzazayo yangowonjezera 20 zapamwamba. Mpweya wa presha yaikulu ndiwo wovuta kupeza, ndiye suyenera kugwira ntchito imene mpweya wa kunsi ungagwire.

Pali zoyenera kusamala zimene sizikambirana ndi masamu. Mu mfuti mumalowa mpweya wouma wa kompuresa ya osambira kapena nayitrojeni. Okosijeni wa kuchipatala kapena wa owotcherera zitsulo sayenera kuyandikira mfuti ngakhale pang'ono, chifukwa akakumana ndi mafuta pa presha yotere amayaka n'kuphulitsa silinda m'manja mwanu. Pa chifukwa chomwecho, pa timalabala mumapaka girisi wa silikoni yekha. Cholumikizira cha pa valavu ya thanki, chimene amachitcha DIN, cha bar 232 chili ndi mizere isanu ya mazinga, cha bar 300 chili ndi isanu ndi iwiri, anachita dala kuti chida cha presha yochepa chisatseke pa thanki ya presha yaikulu, ndiye musachikakamize. Thanki imayesedwa ndi madzi zaka zisanu zilizonse ku Britain ndi ku America, tsiku lake n'kulembedwa pa thankipo, ndipo mathanki ambiri a kaboni a muyeso wa ku America amapatsidwa moyo wa zaka 15. Thanki yakale yotchipa imene zaka zake zatsala ziwiri si yotchipa kwenikweni.

Njira yoyezera popanda kudalira manambala a wina

Masamu onsewa amakuthandizani musanagule. Thanki ikakhala kale m'nyumba, geji yanu ingakuuzeni zoona kuposa pepala, chifukwa payipi yanu, mfuti yanu ndi dzanja lanu lotsegulira valavu zonse zimalowa m'kuyezako. Tsekani kumapeto kwa payipi ndi kachitsekero kake, tsegulani valavu, lembani presha ya thanki itazizira. Dzazani mfuti maulendo khumi monga mwa nthawi zonse, ngakhale zitenge mwezi, kenako yezaninso thanki pa nthawi yofanana ya tsiku. Musayeze ulendo uliwonse, popeza kuyeza kulikonse kumataya payipi imodzi ya mpweya, komanso geji yaing'ono singaonetse bwino kusiyana kwa bar ziwiri.

Pa thanki ya malita 12 ndi mfuti ya 200 cc ija, muyenera kuona kamuvi katachoka pa 300 kufika cha m'ma 276. Ndiye kuti ulendo uliwonse ukudya bar 2.4, ndipo 100 kugawa ndi 2.4 ndi 41. Zenizeni zidzaposa pang'ono, chifukwa kamuvi kamagwa mwachangu kumwamba kumene mpweya unali wothithikana, koma kakayandikira 200 kamatsika ndi bar 2.1 zokha pa ulendo. Mukapeza kuti maulendo khumi adya bar 35 kapena 40, pakani madzi a sopo pa zolumikizira za payipi pamene ili ndi mpweya, muone pamene pakutuluka thovu.